Mayendedwe a Enifa

Panali munthu wina wokhoma zidebe pa kamsika kena ka m'mapiri a ku Ntchisi. Dzina lake sindikuuzani, silibwera pa mayeso. Mabukuwo tatsekani kaye, ndipo inu akumbuyoko foni zilowe m'thumba. Mwabwera kuno kudzaphunzira kuona mmene munthu amayendera, kuti mawa mukathandize odwala miyendo m'zipatala. Phunziro limenelo lero tiliyamba ndi bambo ameneyu.

Anali munthu wolemekezeka. Mowa ayi, fodya ayi, ndipo ndowa yokhoma iye inkatha zaka osadontha. Kumpingo anali mkulu. Pakabwera mlandu wa mtsikana amene watenga pathupi asanalowe m'banja, iye ndiye ankakhala pampando wakutsogolo, ndipo sankazungulira polankhula. Ankati mwana akalowerera musavutike kufunsa mwanayo, funsani kholo lake kuti linali kuti. Makolo angapo anatuluka m'kachipinda ka kutchalitchi atazyolika chifukwa cha mawu amenewa.

Mkazi wake anamwalira n'kumusiyira mwana mmodzi yekha, mtsikana, dzina lake Enifa. Akuchikazi anafuna kumutenga mwanayo monga mwa mwambo, koma iye anakana, anati alera yekha. Ndipo analeradi, tisamunamizire. Mwana sanagonepo ndi njala, sanapitepo kusukulu ndi yunifolomu yong'ambika. Kumukonda ankamukonda kwambiri, kungoti chinali chikondi cha abambo athu aja, chogula nsapato koma chosatsegula pakamwa.

Enifa atafika sitandade seveni anatha msinkhu, ndipo thupi lake linakula msanga, anali mwana wojintcha. Mukudziwa zimene zimachitika m'nyumba zathu pamenepo. Bambo salowanso kuchipinda kwa mwana wamkazi, samuyang'anitsitsa, sakamba naye za m'thupi. Zimenezo ndi za amayi, ndipo amayi m'nyumba muja munalibe. Anthu awiri aja anatsala akukambirana za mchere, za nkhuni ndi za makala a pantchito basi.

Chaka chomwecho mwana anayamba kudandaula bondo lamanzere. Bambo anaitana mayi wina woyandikana naye kuti aone. Mayi uja anaona bondo losatupa, losatentha, lopanda bala, anati ndi kukula kumeneku, zisiya zokha. Anagula panado pa okala, nkhani n'kuthera pomwepo. Enifa ataona kuti akuluakulu agamula, anasiya kudandaula.

Tsopano apa tcherani khutu, chifukwa bondo lija linkanama. Vuto linali m'chiuno, pamene fupa la ntchafu limalowa. Mwana akamakula, mutu wa fupa limeneli umakhala usanagwirane kwenikweni ndi fupa lonse, pakati pake pamakhala pofewa pamene fupa likukulira. Kwa ana ena, makamaka onenepa, mutuwo umayamba kutsetsereka pang'onopang'ono, ngati chivundikiro pa poto wopendekeka, ndipo ululu wake umakonda kukamvekera kubondo. Mukazipeza msanga si nkhani yaikulu. Mwana amasiya kuponda, madokotala amaikamo kachitsulo kamodzi kogwira mutuwo, ndipo amadzathamanga ngati anzake. Koma akapitiriza kuyenda, tsiku lina mutuwo umagweratu. Mitsempha yobweretsa magazi imatha kuduka, fupa n'kufa, ndipo pamenepo palibenso dokotala wobweza mwendo mwakale. Enifa ankayenda ndi zimenezo m'thupi, iye osadziwa, bambo ake osadziwa.

Koma thupi silibisa. Taonani mmene munthu wabwinobwino amayendera. Chidendene ndicho chimayamba kugunda pansi. Kenako phazi lonse limagona, thupi n'kudutsa pamwamba pake, chidendene n'kunyamuka, chala chachikulu n'kukankha nthaka kumbuyo. Pamene mwendo uwu ukuchita zimenezo, unzake uli m'malere, ukupita kutsogolo. Ndiye kuti nthawi yambiri imene mukuyenda, thupi lonselo, ndi mimba zanu za chipisizo, lili pa mwendo umodzi. Nanga bwanji simugwera mbali imene kulibe mwendo? Chifukwa m'mbali mwa chiuno, apa pamene pamayambira thumba la buluku, muli mnofu umene umakoka chiuno kuti chisapendekeke. Gwirani pamenepo muimire mwendo umodzi, muumva ukulimba. Mapazi onse awiri amaloza chakutsogolo, amakhalitsa pansi mofanana, ndipo munthu akamadutsa pa simenti mumamva akuyankhana bwinobwino. Palibe amene amaziganizira zimenezi mpaka china chitalakwika.

Kwa Enifa phazi lamanzere linayamba kuloza kunja. Akaliponda ankalichotsapo msanga ngati waponda phulusa lamoto. Mnofu uja sunkagwiranso bwino pa fupa lotsetsereka, ndiye chiuno chinkagwera kumanja, iye n'kuponya mapewa kumanzere kuti asagwe. Ukamuonera kutsogolo sizinkaoneka kwenikweni. Ukamuonera kumbuyo, chiuno chinkapita uku ndi uku.

Anthu anaona. Anthu saphonya kuona, amaphonya kumasulira. Amayi a pamjigo anati mwana wa akulu ampingo wayamba kuthimbwidzika, wadziwa kuti wakula. Anyamata a kabaza ankamuimbira mluzu akamadutsa pasiteji. Ine zimenezi zimandipsetsa mtima kwabasi. Mwana akumva kuwawa phazi lililonse limene waponda, anthu akuluakulu, a ana awo kunyumba, akuti akudzionetsa. Manong'onong'owo sanafike kwa bambo ake, chifukwa palibe amene ankafuna kukhala woyamba.

Tsiku lina pasukulu ya Enifa panafika galimoto ya chipatala. Munali munthu wa ntchito yathu yomweyi, wongomaliza kumene maphunziro, wa maso akuthwa kuposa ambiri a inu. Kumudzi aliyense wovala choyera ndi dokotala, nafenso timutche choncho. Anabwera kudzaona ana opindika mapazi. Atamaliza, akupita kukakwera galimoto, anaona mtsikana akudutsa pabwalo atanyamula makope a kalasi. Anaima, namuyang'ana kuchokera kumbuyo mpaka anakalowa pakhomo. Anapempha kuti amuitane. Anamugoneka pa benchi mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, napinda mwendo wamanzere uja kulozetsa bondo pachifuwa. Mwendo unakana kupita mowongoka, unapotokera kunja wokha, mwana n'kuluma mlomo. Dokotala anadziwiratu chimene chinali m'chiunomo.

Koma kunja dalaivala anali akuliza hutala. Mvula inali itamanga kumapiri, ndipo panjira yawo panali mtsinje wopanda mlatho. Nyumba ya bambo a mwanayo inali kumsika, osati patali n'komwe, koma dokotala anaona kuti nthawi palibe. Anauza Enifa kuti asamayendeyende, ndipo bambo ake abwere naye kuchipatala. Kwa aphunzitsi aakulu anasiya mawu oti akawauze makolo kuti mayendedwe a mwanayu sali bwino, asiye kuyendayenda, ndipo apite naye kuchipatala msanga zinthu zisanafike poipa. Anakwera galimoto mtima uli mbee, akuti wapulumutsa mwana.

Mwachimva Chichewa chimenecho? Tachibwerezani chamumtima. Mulibe liwu labodza m'menemo ngakhale limodzi.

Aphunzitsi aakulu anamva bwinobwino, popeza zonse zinachitikira pamaso pawo. Koma anali ndi msonkhano wawo, ndiye anatuma wapampando wa komiti ya makolo, amene mu ofesi muja sanalimo. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma uyu sanawonjezere liwu, sanachotse liwu. Anangomva mmene aliyense wa ife akanamvera. Komanso mwana wa wapampandoyo anali mmodzi mwa atsikana amene anadulidwa mumpingo, pamene wokhoma zidebe uja anali pampando wakutsogolo. Sindikuti anasangalala, za mumtima mwa munthu sindizidziwa, koma sanachedwe panjira.

Anamupeza bambo uja akukhoma, namuitanira kuseri kwa shedi. Anavula chipewa, natsitsa mawu.

"Akulu ampingo, pepani, nkhaniyi ndi yolemera pakamwa. Achipatala anabwera kusukulu, amuyeza mwana wanu. Akuti mayendedwe ake sali bwino. Akuti asiye kuyendayenda, ndipo mupite naye kuchipatala msanga zinthu zisanafike poipa."

Bambo uja anathokoza. Anathokoza, anthuni! Sanafunse kuti amuyeza chiyani, apeza chiyani, wanena ndi ndani. Funso limodzi likanatha nkhani yonse, chifukwa wapampandoyo akanati sakudziwa, ndipo onse awiri akanapita kwa aphunzitsi aakulu. Koma kufunsa kunali kufukula manyazi ake pamaso pa munthu amene iye anamuchititsapo manyazi. Safunsa anadya phula. Anabwerera pantchito, nakhala ndi hamala m'manja osakhoma kanthu mpaka dzuwa linapendeka.

Madzulo Enifa anagwada kumupatsa madzi osamba m'manja, ndipo kugwadako kunamutengera nthawi. Anayamba kunena kuti kusukulu kunabwera adokotala, ndipo adokotalawo anati, koma sanamalize. Bambo ake anamudula osamuyang'ana.

"Ndamva kale zimene anati. Usazibwerezenso m'nyumba muno."

Mwana anaganiza kuti bambo ake akwiya chifukwa adokotala amuletsa kuyenda, ndiye madzi atunga ndani, kuchigayo apita ndani. Mmawa analawirira kumjigo kuti aonetse kuti si waulesi. Bambo uja anaima pakhonde namuyang'ana akupita, koyamba chikulire mwanayo. Anaona chiuno chikupita uku ndi uku. Anaona zimene anauzidwa kuti aone, ndipo mtima unamuwawa kwambiri, chifukwa mwana anali yekhayo.

Za kuchipatala anazikana yekha mumtima. Kumeneko pabenchi pamakhala anthu a m'dera lomwelo, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani ikanakhala itazungulira msika. Komanso iye ndi mwamuna, zoterezi angazikambe bwanji ndi mwana wake wamkazi? Anali ndi mlongo wake wokwatiwa kuseri kwa phiri, mayi wodziwa kulangiza atsikana. Anaganiza zokamusiya Enifa kumeneko, azakhali ake akamufunse mwachikazi, ndipo ngati pali china chikaonekere kutali ndi maso a mpingo. Anauza mwana kuti alongedze zovala, ndipo chifukwa chake sanamuuze.

Ananyamuka mmawa kusanatenthe. Bambo uja anatulutsa njinga yake, njinga yamphamvu yonyamulira malata, yokhala ndi kaliyala wamkulu. Anamangapo chikwama cha mwanayo nayamba kuikankha. Atatuluka pamsika, Enifa anapempha mwaulemu ngati angakhale pakaliyalapo iye n'kufungatira chikwamacho, chifukwa mwendo ukumuwawa ndipo adokotala anati asamayende. Bambo ake anaima. Ndikukhulupirira kuti pamenepo mtima wake unakokera pawiri, chifukwa ndi yemwe uja ankamukweza panjinga yomweyo ali wamng'ono. Koma mkwiyo ndi manyazi zinapambana.

"Amene wadziwa kuyendayenda, ayende," anatero, nakankha njinga.

Iye patsogolo, mwana pambuyo, monga timayendera. Njira ya kumeneko ndi yokwera, ya miyala, yokumbika ndi madzi. Kumbuyo kwake ankamva mapazi osayankhana, lina lokhalitsa pansi, lina longogunda n'kuthawa. Ankamva mwana akupuma mokoka. Sanacheuke, ankati akacheuka afewa. Akaona kuti mapazi aja atsalira, ankaima atayang'ana kutsogolo mpaka amupeze, kenako n'kupitiriza. Enifa sanapemphenso. Anathyola kamtengo panjira n'kumatsamira, ndipo phiri lonse lija analikwera.

Kutsika ndiye kovuta, mudzaziona kwa odwala anu. Pokwera munthu amadzikoka, koma potsika thupi lonse limagwera pa mwendo umene watsogola. Atayandikira kamtsinje ka kutsidya, mudzi wa azakhali ukuonekera, Enifa anaponda mwala ndi phazi lamanzere, mwala n'kugwedezeka pang'ono. Sikunali kugwa koti munthu n'kuthyoka nako. Koma mutu wa fupa uja unali utatsala pang'ono kale, ndipo unagweratu. Mwana anakuwa kamodzi n'kukhala pansi.

Apo bambo uja anacheuka. Anamuuza kuti adzuke, asachititse manyazi panjira. Mwana anayesa, koma mwendo sunamumvere. Unali utagona chammbali, phazi litaloza kunja kwenikweni, ndipo unkaoneka waufupi kuposa unzake. Bambo uja anataya njinga nayesa kumunyamula, koma kukuwa kumene mwanayo anakuwa kunamugwetsa mphwayi, anamubwezera pansi. Anthu olima m'dimba chapafupi ndiwo anathamangira ngolo. Panjinga paja mwanayo sakanathanso kukhalapo.

Kuchipatala anamujambula. Dokotala uja ataitanidwa anamuzindikira mwanayo asanaone n'komwe chithunzi, ndipo ataona chithunzicho nkhope yake inagwa. Anatulukira pakhonde pamene bambo uja anakhala, namufunsa ngati uthenga wake sunamufike. Bambo uja anati unamufika. Anamufunsa kuti unati chiyani, ndipo iye anaubwereza wonse, liwu ndi liwu, chifukwa chimufikire sunamuchoke m'mutu. Dokotala anati eya, ndi zomwezo ndinanena, nanga bwanji mwamuyendetsa phiri? Anakweza chithunzi chija kudzuwa namuonetsa pamene mutu wa fupa unayenera kukhala ndi pamene unali tsopano. Anafotokoza kuti akanabwera naye atamunyamula, kachitsulo kamodzi kakanakwana.

Bambo uja anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anafunsa ndi mawu ang'onoang'ono, osamveka ngati a mkulu wa mpingo.

"Adokotala, ndiye kuti mumanena za miyendo?"

Dokotala anatsegula pakamwa kuti afunse kuti nanga akananena za chiyani, koma asanafunse anawamva mawu ake aja mmene anamvekera kuseri kwa shedi. Anthu awiri akuluakulu anaima pakhonde la chipatala. Mmodzi anali ndi maso abwino, wina anali ndi chikondi, ndipo mwana anali m'kati akudikira mpeni.

Opaleshoni anachita, chitsulo anaika, koma mitsempha ija inali itaduka. Miyezi itapita fupa linafa, mwendo unafupika, chiuno chinauma. Enifa anatuluka ndi ndodo, ndipo ndodoyo sanadzaisiyenso. Kumsika anthu anamaliza okha nkhani yawo. Anati anakamubisa kwa azakhali ake ndipo Mulungu anamulanga panjira. Bambo uja anayesa kufotokoza kwa awiri atatu, koma anthu ankangogwedeza mutu mwaulemu, monga timachitira ndi kholo limene likubisa za mwana wake.

Koma chimene chinamumaliza si cha kumsika. Tsiku lina akadali m'chipatala, azakhali atatuluka kukatsuka mbale, anatsala awiri. Bambo uja anakhala pampando pafupi ndi bedi, maso ali pansi. Enifa anamuyang'ana, ndipo mopanda mkwiyo, mwaulemu wake womwe uja, anafunsa chimene chinkamuvuta chichokere kunyumba.

"Bambo, tsiku lija ndinalakwa chiyani?"

Sankadziwa. Phiri lonse lija analikwera osadziwa mlandu wake. Ndipo bambo uja, munthu amene sankazungulira polankhula, anasowa poyambira. Akanamuuza bwanji mwana wake zimene anamuganizira? Anangoti sunalakwe kanthu mwana wanga, natuluka panja. Mpaka imfa yake sanamuuze, ndipo Enifa anakula akuyesa kuti mwina analakwa popempha kukwera njinga.

Tsopano inu. Muno tikuphunzitsani kuona, ndipo ena mwa inu mudzaposa dokotala uja. Koma kuona ndi theka chabe la ntchito. Chimene mwaona chimayenera kukafika m'khutu la mwini mwana chili chomwecho, ndipo Chichewa chathu chaulemuchi chimakhota panjira. Musatume. Pitani nokha, mukhale pansi ndi kholo, munene kuti mwana akutsimphina, fupa la m'chiuno likutsetsereka, asapondenso pansi, mumunyamule. Mugwire pamalopo ndi dzanja, ndipo kholo libwereze zimene lamva inu mukumvetsera. Mawa mukadzakhala makolo, munthu akadzakutsitsirani mawu za mwana wanu, musadzathokoze musanafunse. Mawu ozungulira sungirani pa chinkhoswe. Mukaona mwendo ukudwala, tchulani mwendo, chifukwa mukalakwitsa liwu inu mumakagona kwanu, wotsimphina moyo wonse ndi mwana wa eni.